Dzanja Lamanzere la Chinyundo

Chilombo chimene Nyerere anachimanga kwa chaka ndi kanthu chinagwa tiyi wa Wometa asanazizire n'komwe. Chinagwada, chitsulo cha pachifuwa chinang'ambika, nyundo inapulumuka m'dzanja n'kugubuduzika mpaka kumapeto kwa sikirini. Kenaka nyimbo ya chipambano inayamba kulira ngati pachitika chinthu chanzeru. M'chipindamo simunapezeke wowomba m'manja.

"Basi?" anafunsa Wometa, akutembenuzatembenuza kachipangizo ka mabatani ngati ndi kamene kalakwitsa. "Kapena adzukanso? Ndidikire?"

"Sadzukanso," anayankha Magalasi, maso ali pansi.

"Aaa, anthu inu! Ndiye mwandiitaniranji? Ndasiya munthu pansipa mutu uli theka, ndimati ndikubwera kunkhondo."

Nyerere ndi msuweni wake Magalasi ankapanga masewero a pakompyuta, aja anthu amangoti magemu, m'kachipinda ka pamwamba pa malo ometera ndi shopu ya telala. Kampani yonse inali iwo awiriwo, makompyuta awo, fani yothyoka khosi ndi ketulo. Analibe anthu olembedwa ntchito yoyesa zimene apanga, choncho chigawo chikatha ankatsika masitepe kukakoka Wometa, munthu wa zala zopepuka amene anakulira pa magemu ndipo sankadziwa kubisa mawu. Gemu yatsopanoyi anali ataisewera kuyambira pachiyambi. Wosewera amakhala wantchito amene watsekeredwa m'fakitale yosiyidwa, ndipo njira yotulukira ili padenga. Amakwera nsanjika imodziimodzi, ndipo kuyambira pa sitepe yoyamba amamva nyundo ikulira kumwamba, nge, nge, nge, osaona woimenya. Akamakwera, nako kulirako kumakula. Pamwamba penipeni pamadikira Chinyundo, mdani womaliza, amene osewera amati bosi. Wometa ankalumbira kuti nyundoyo inkamutsata mpaka kutulo.

"Njira yonseyi ndakhala ndikusunga zipolopolo," anapitiriza Wometa. "Mankhwala osamwa, mabomba osaponya, ndikuti ndikakafika pamwamba kukafa munthu. Ndafika, ndapeza agogo akusinza. Galu wa pa nsanjika yoyamba uja ndiye anandikhetsa thukuta kuposa uyu."

"Mwina mwangochita mwayi, achimwene," anatero Magalasi.

"Mwayi? Tabwezani muone."

Anabweza. Chitseko cha padenga chinatseguka, ndipo Chinyundo anatulukanso mu utsi, mutu ukukhudza malata, khungu lake lachitsulo chakuda, nyundo kumanja, chitseko cha ng'anjo kumanzere ngati chishango. Pomuona anali woopsa ndithu. Vuto linayamba atangosuntha.

"Taonani," anatero Wometa, akuloza ndi chibwano. "Akakweza nyundo, chishango chimatsika chokha ngati chamulemera. Kenako amaima, ngati munthu woti walowa m'chipinda n'kuiwala chimene wabwerera. Phazi ilo likungokhwekhwereza pansi. Ine ndingolowera mbali ya chishangoyi, phaa, phaa, nkhani yatha. Ngakhale telala atha kumugwetsa uku akusoka." Chinyundo anagwadanso. Wometa anagugudiza tiyi wake, anaimirira n'kudziwongola. "Musakhumudwe, asisi, gemu ndi yabwino. Koma uyu mukonzeni. Anthu akadzavutika mpaka kufika apa n'kupeza zimenezi, adzakutukwanani pamodzi ndi abale anu."

Nyerere anakhumudwa ndithu, ndipo sikunali kukhumudwa kwa ntchito chabe. Chinyundo anali bambo ake.

Awiriwa anali ndi kagwiridwe kawokawo ka ntchito. Mayendedwe a anthu a m'gemu sankawapeka m'mutu ayi. Ankaitana munthu weniweni, kumuveka ovolosi yakuda, kumumata timipira toyera pamutu, m'mapewa, m'zigongono, m'mawondo ndi m'mapazi, n'kumuuza kuti ayende kapena amenye pakati pa makamera amene anawapachika m'ngodya. Kompyuta sinkaona nkhope kapena khungu. Inkangotola timadontho n'kutilumikiza ndi timizere, kukhala kamunthu ka mafupa okhaokha, ndipo kamunthuko Magalasi ankakaveka thupi la chilombo. Panali lamulo limodzi, loikidwa ndi Nyerere mwiniwake, lakuti chimene thupi la munthu lachita chisakonzedwe. Gemu yawo yoyamba inatchuka chifukwa cha mzukwa umene unkayenda mopendekera ngati telala wa pansi uja, msana utapindika ndi makina osokera, ndipo osewera ankati ukuopsa chifukwa ukuyenda ngati munthu amene unakumanapo naye penapake. Chichokereni pamenepo Nyerere sankalola kuti mkono wa munthu uwongoledwe ngakhale pang'ono. Chishango cha Chinyundo chinkapita kumene dzanja la bambo ake linapita, ndipo nyundo inkagwa pamene iwo anaigwetsa.

Bambo akewo anali wosula ndi wowotcherera zitsulo, wa mageti, zitseko ndi zotchinga m'mawindo. Dzina loti Chinyundo linali lawo kalekale gemu isanaganiziridwe. Ana a mumsewu wawo ndiwo anawapatsa, koma ankalitchula ali kuseri kwa mpanda. Mwana sanamenyepo, ndipo sankafunika kutero. Ukawalakwira ali pachipala, ankakweza nyundo n'kuiimika m'mwamba, kukuyang'ana duu mpaka mkodzo kukugwira, kenaka n'kuigwetsera pachitsulo osachotsa maso pa iwe. Dzina loti Nyerere anamupatsa ndi iwo, poti anali wochepa thupi ndipo nthawi zonse ankakoka zinthu zomuposa msinkhu. Tsiku lina ali kamtsikana anajambula kavalo ndi choko pa chidutswa cha lata, kavalo wabwino ndithu, wa miyendo yofanana. Bambo ake anamuyang'ana kavaloyo, anaika latalo pachosulira, analipinda, ndipo pofika madzulo linali chowolera zinyalala. Banja lonse linawolera zinyalala pamsana pa kavalo uja mpaka choko chinafufutika. Atakula n'kusiya maphunziro a zowerengera kuti azipanga magemu, iwo anangoti, "Zidole." Liwu limodzilo linamukwanira zaka zambiri.

Ndiye tisabise. Nyerere anamanga Chinyundo kuti dziko lonse limveko mantha amene iye anakula nawo, ndiponso kuti pamapeto pake wina, penapake, amugwetse atakhetsa thukuta. Kugwako ankakufuna ndi mtima wonse. Koma osati kugwa kotere, kosadikira n'kuti tiyi apole.

Kuti bambowo alole kumatidwa timipira inali ntchito ya Magalasi, mwana wa mlongo wawo, amene ankatha kuwaseketsa kamodzi pa chaka. Ulendo woyamba unali chaka chatha. Anabwera atakwinya nkhope, anakana nyundo yapulasitiki imene anawakonzera, anatulutsa yawo m'thumba, ndipo anamenya tayala lakale mpaka telala anakwera kudzadandaula kuti masingano akugwa patebulo. Zimenezo n'zimene zinalowa pakati pa gemu, pamene wosewera amasuzumira pazenera n'kumuona Chinyundo chapatali kwa kanthawi kochepa, ndipo Wometa atafika pamenepo anatukwana n'kubwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Ulendo wachiwiri, wa nkhondo yomalizayi, unali masabata angapo apitawo. Ulendo umenewo sanachite kunyengereredwa. Magalasi atangoimba foni, iwo anati akubwera.

"Si zovuta, msuweni," anatero Magalasi Wometa atatsika. Anali atavula magalasi ake n'kumawapukuta ndi malaya, monga ankachitira akafuna kunena zosakondweretsa. "Ndingokweza mkonowo, ndiumangirire pachifuwa. Kuimako ndikudule. Phazilo ndiliwongole. Pofika mawa Wometa alira ngati mwana."

"Sitikonza."

"Lamulo lako lija lidya ife lero. Amalume anatopa tsiku lija, basi. Kapena amangotiseweretsa dala. Ukuwadziwa bambo ako, zidole zathuzi n'kale anazida."

Mawu amenewo anamulowa Nyerere ngati minga, chifukwa nayenso anali akuganiza zomwezo. Zoona munthu angakwere masitepe onsewo kuti adzangomuwonongera ntchito? Bambo ake akanatha. Mtima unamutentha mpaka m'makutu.

"Tachoka apo," anatero, akumukankha ndi mpando. "Ndione ndekha."

Anavula Chinyundo chitsulo chake chonse, utsi, moto ndi denga lomwe, mpaka pasikirini panangotsala mdima ndi kamunthu ka timizere. Kenaka anatsegula ka chaka chatha kaja. Kakale anakapatsa mtundu wobiriwira, katsopano wofiira, ndipo anatisanjikiza kuti tiime pamalo amodzi. Anafuna umboni. Anafuna aone pamene bambo ake anayambira kuchita dala, kuti akawaonetse pamaso pawo.

Poyamba timafupa tiwirito tinali ngati munthu mmodzi, msinkhu umodzi, kaimidwe kamodzi, miyendo yotangadza ija imene Nyerere akanaizindikira ngakhale pakati pa msika. Nyundo zinakwera limodzi. Dzanja lamanzere la kobiriwira linakhala pachifuwa ngati msomali wokhomedwa m'khoma. La kofiira linayamba bwinobwino, kenaka linayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, ngati wina akulikoka ndi chingwe kuchokera pansi. Kofiira kanalikweza. Linatsikanso. Kanalikwezanso, koma ulendo uno silinafike pamene linali.

Nyerere anachedwetsa chithunzicho. Fani yothyoka khosi ija inkangoti kwe, kwe, pakona, ndipo pansi makina ometera ankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Anafika pa kuima kuja kumene Wometa anakuseka. Popanda chitsulo ndi utsi, kunkaoneka bwino lomwe. Kamunthu kofiira sikanaiwale kanthu ayi. Dzanja lamanja, nyundo ili momwemo, linatsika, linadutsa pamimba, linakakhudza dzanja lamanzere n'kulinyamulira m'mwamba, monga momwe umanyamulira chinthu cha mwini chimene chagwa. Munthu wochita dala sachita zimenezo. Munthu wotopa amatopa mbali zonse ziwiri. Koma uku dzanja lamanja linkamenya ndi mphamvu zake zonse zakale, pamene lamanzere, ndi phazi lamanzere lomwe, zinali ngati za munthu wina amene sanauzidwe kuti ntchito yayamba.

Ndipo panali chinanso. Nthawi iliyonse dzanjalo likagwa, kadontho ka pamutu kankatembenuka. Sikankatembenukira kudzanjalo. Kankatembenukira pakona imodzi yomweyo, n'kukhala pamenepo kanthawi, kenaka n'kubwerera ku tayala. Nyerere anadzutsa mutu n'kuyang'ana m'chipindamo, pamene panali tayala tsiku lija, pamene panali makamera. Pakona imeneyo panali tebulo lake.

Anabweza, anaonanso. Dzanja kugwa, mutu kutembenuka, kudikira. Dzanja kugwa, mutu kutembenuka, kudikira.

"Magalasi," anatero, ndipo mawu ake anatuluka aang'ono. "Tsiku lija bambo unawayang'ana?"

"Ine ndimathamanga ndi makamera, ija ya pakhomo inkangozima. Si iwe unali nawo?"

Sanali nawo. Ntchito yake tsiku limenelo inali kuyang'anira kuti makamera asataye kampira ndi kamodzi komwe, ndipo anaigwira bwino zedi. Maso ake anali pa timadontho, kuona ngati tonse tilipo, ndipo tonse tinalipo. Munthu wovala timadonthoto sanamuyang'ane. Chifukwa chake sichinali ntchito yokha. Chibadwire Nyerere anali asanaphunzire kuyang'ana bambo ake nyundo ili m'mwamba, ndipo sikirini inali malo abwino obisalako. Tsopano tinthu tina tinayamba kubwerera timene tsikulo anangotimva ndi khutu limodzi: kapu ya madzi imene inagwa n'kusweka, Magalasi n'kuseka kuti amalume akufuna kutimalizira ziwiya, nthawi yaitali imene anatenga kuti atsike masitepe, ndiponso mmene anaimira pakhomo asanatsike, ovolosi ili paphewa, ngati pali mawu, iye n'kungoti, "Zikomo bambo, muyende bwino," osatembenuka.

Magalasi anali ataimirira kumbuyo kwake, magalasi ali m'manja. Nthabwala zonse zinali zitamuthera.

"Papita nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Yaitali."

"Chichokereni unalankhula nawo?"

Nyerere anatenga foni. Anaimbira bambo ake. Inalira mpaka inatopa. Zimenezo pazokha sizinali zachilendo, chifukwa bambo ake akamagwira ntchito foni ankaitsekera m'chitini cha misomali. Anaimbanso, ndipo anadzipeza akupempha mumtima kuti chitinicho chikhale chikunjenjemera pakati pa phokoso la nyundo.

"Ndikuperekeze?"

"Ayi. Akationa awiri aziti tawapangira upo."

"Nanga mkonowu ndiutani?"

"Usiye mmene ulili," anatero Nyerere ali kale pamasitepe.

M'minibasi munali mothina ndipo dzuwa linkawotcha mbali imene iye anakhala. Mantha anali atamukhala pachifuwa, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene anachizolowera, kukonzekera nkhondo. Bambo ake anali asanagonepo m'chipatala. Chitsulo chotentha chitawaboola phazi nthawi ina, anathirapo mafuta a galimoto n'kumanga ndi chiguduli, ndipo amayi ake, malemu, analira sabata yathunthu osaphula kanthu. Kuwatengera kwa dokotala munthu wotereyo kukanakhala kukoka galimoto ndi mano. Choncho Nyerere anayamba kusunga zida, ngati Wometa ndi zipolopolo zake. Akati alibe nthawi, adzawafunsa kuti manda ali ndi nthawi yanji. Akati kuchipatala kumapita aulesi, adzawakumbutsa za amayi, amene anachedwa nawo kupita chifukwa cha mawu omwewo. Chida chimenecho chinali chakupha ndipo anali asanachigwiritsepo, koma lero anali wokonzeka. Akati zidole, adzatulutsa foni n'kuwaonetsa timafupa tiwiri tija. Ndipo akakweza nyundo n'kumuyang'ana duu, lero sayang'ana pansi. Anabwereza zimenezi njira yonse, milomo ikugwedera, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anasendera kumbali.

Anatsikira pa mphambano ya msewu wa amisiri, pamene anatsikirapo moyo wake wonse. Ataponda pansi anaima. Zonse zinalipo: makina opopera matayala ankaguguda, wailesi ya wogulitsa matabwa inkalira, macheka ankakwekwesa penapake, fumbi la utuchi lili m'mwamba. Koma msewuwo unali ngati nyimbo yochotsedwa ng'oma. Pamphambano imeneyo nyundo ya bambo ake inkamveka nthawi zonse, ndipo ali mwana ankatha kudziwa ali pomwepo ngati kunyumba kuli mtendere kapena ayi. Lero kunali zii.

"Mwabwera bwino, amayi," anatero wokonza matayala, amene ankamudziwa kuyambira ali wa choko m'manja. Sanamwetulire. "Madala akhala chete masiku ano. Amatsegula m'mawa, amatseka madzulo, koma sitikuwamva. Ife timaopa kufunsa."

Nyerere anafulumira. Panja pa shedi ya bambo ake panali geti lalikulu lotsamira khoma, lowotchereredwa theka, ndipo dzimbiri linali litayamba kulidya m'malumikizo. Bambo ake ankati dzimbiri ndi manyazi a mmisiri, chitsulo chawo sichinkagona panja chosapakidwa. Chitseko chinali chotsegula. M'katimo munali mozizira, ndipo m'shedi imeneyo simunazizirepo masana. Makala a pachipala anali phulusa lokhalokha, kangaude atamanga nyumba kuchokera pamvukuto kukafika pakhoma. Chowolera zinyalala chija chinali pamsomali wake kuseri kwa chitseko.

Bambo ake anakhala pabenchi pafupi ndi chosulira, nyundo ili chopingasa pamawondo. Ovolosi yawo inali yoyera, yopanda mwaye ngakhale pa bondo, ndipo zimenezo zinamuopsa Nyerere kuposa dzimbiri lija. Dzanja lamanja linagwira mpini. Lamanzere linali pantchafu, chikhatho chikuyang'ana kumwamba.

"Nyerere," anatero. Mawuwo anatuluka mochedwa, ndipo mbali imodzi ya pakamwa inatsalira m'mbuyo pang'ono.

"Bambo. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Magetsi athima kuzidole kwanu?"

"Ayi." Anatangadza miyendo monga iwo omwe ankachitira, anakoka mpweya, ndipo anaponya chida choyamba. "Ndabwera kudzakutengani. Tikupita kuchipatala, pompano."

Zala za bambo ake zinafinya mpini. Nyundo inanyamuka pamawondo, ndipo thupi lonse la Nyerere linadziwa chimene chikubwera. Khosi linafuna kupinda lokha, koma analikaniza. Nyundo inakwera pang'ono, inaima, ndipo maso awo anamupeza. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Nyerere anawayang'ana mpaka m'kati. Anayembekeza moto. Anapeza maso a munthu amene wakhala nthawi yaitali pamalo odikirira basi, amene wasiya n'kudzutsa mutu komwe galimoto ikamadutsa.

Nyundo inatsika pang'onopang'ono n'kugona pachosulira osalira n'komwe.

"Chabwino," anatero bambo ake. "Tiye."

"Basi?" Liwulo linamupulumuka Nyerere asanaligwire.

Zida zonse zija zinali m'kamwa mwake, za nthawi, za amayi, za timafupa, zosaponyedwa, ndipo analibe pozitula. Pamenepo ndi pamene mantha enieni anamugwira. Akanakonda bambo ake akanamukalipira. Akanakonda akanamuthamangitsa ndi mbaniro mpaka pamsewu, anthu n'kumaseka. Munthu amene anathira mafuta a galimoto pabala sakanati chabwino pokhapokha ngati iye mwini waona kale chimene chikubwera.

"Unkafuna zinanso?" anafunsa bambo ake.

"Bwanji simunanene, bambo?"

Anayang'ana phulusa la pachipala kwa kanthawi. "Makamera onse aja," anatero. "Ndimayesa unaona. Ndinati ubwera mawa lake."

Kumeneko n'kumene kunali kunena kwawo. Munthu amene sankadziwa kupempha ngakhale mchere patebulo anakwera masitepe onse aja ndi phazi lokhwekhwereza, anavala timipira ta zidole, anaima pakati pa chipinda kuti mwana wawo awaone, ndipo mwanayo anaona kuti timadontho tonse tilipo.

"Ikoleke apo," anatero bambo ake, akuloza nyundo ndi chibwano, kenaka misomali iwiri ya pakhoma.

Nyundo imeneyo panalibe amene anaikhudzapo, ngakhale amayi posesa ankaizungulira. Nyerere anaigwira ndi manja awiri, atalimbitsa msana, ndipo inanyamuka mosavuta mpaka anadzandira. Inali nyundo wamba, ya mpini wosalala ndi thukuta. Anaikoleka. Kenaka analowetsa phewa lake kukhwapa kwa bambo ake n'kukoka, ndipo nawonso ananyamuka mosavuta kuposa mmene ankayembekezera. M'kati mwa ovolosi munali munthu wochepa.

Pakhomo bambo ake anamukankha pang'ono kuti atseke okha, monga mwa masiku onse. Anakoka chitseko ndi dzanja lamanja, anaika loko m'dzanja lamanzere kuti aigwirizize, ndipo loko inagwa pansi n'kugubuduka mufumbi. Onse awiri anaiyang'ana. Kutsidya kwa msewu wokonza matayala anatembenuka msanga n'kuyamba kufufuza chinthu m'bokosi la zipangizo. Nyerere anatola loko, anatseka, ndipo kiyi anawaikira m'thumba la pachifuwa.

Takisi inapezeka pamphambano. Anakhala kumbuyo onse awiri, Nyerere ali kumanzere kwa bambo ake. Msewu unali wodzadza, galimoto zikungosendera, ndipo woyendetsa atawayang'ana pagalasi anatsitsa wailesi yekha. Bambo ake ankayang'ana panja, kumene mageti a nyumba za anthu ankadutsa limodzilimodzi, ena mwa iwo opangidwa ndi manja awo.

"Chilombo chako chija," anatero osatembenuka. "Chinatha?"

"Chinatha, bambo."

"Chikuopsa anthu?"

M'maganizo Nyerere anaona Wometa akugugudiza tiyi, anamva nyimbo ya chipambano ija.

"Chikuopsa kwambiri."

"Alipo wachigwetsa?"

"Palibe, bambo. Onse akulephera."

Bambo ake anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo mbali imodzi ya pakamwa inakwera. Galimoto inagunda bampu, dzanja lawo lamanzere linatsetsereka pantchafu n'kugwera pampando pakati pa awiriwo. Nyerere analitola. Linali lolemera, lokhakhala, lodzadza zipsera za moto, ndipo anali asanaligwirepo chikulireni. Analifinya ndi manja ake onse awiri, mwamphamvu, mpaka zala zake zinamupweteka, akudikira kuti atembenuke n'kumufunsa kuti akuchita zachibwana zanji.

Bambo ake anapitiriza kuyang'ana mageti panja. Sanamve kuti wawagwira.